Maviniya a mano: mmene mungawasamalire kuti akhalitse

Munthu amene waikitsa maviniya pa mano ake akutsogolo amatuluka m'chipinda cha dokotala akumwetulira mosadzikayikira. Mano omwe adali ofiirira, obenthuka kapena otalikirana amaoneka oyera ndi ondandalikana bwino. Komatu ntchito sithera pamenepo. Viniya payekha sawola, koma dzino lomwe lamunyamula limawola, nkhama zomuzungulira zimadwala, ndipo viniyayo amasweka akakumana ndi chinthu cholimba. Nthawi zambiri dokotala amayamba wapala dzino asanamatepo viniya, ndipo chomwe chapalidwacho sichimeranso. Choncho mwini mano sangabwerere pomwe adali kale. Akalekerera, amalipira kachiwiri, mwinanso kutaya dzino lenilenilo.

Viniya n'chiyani?

Viniya ndi kachikuto kopyapyala komwe dokotala wa mano amamata kumaso kwa dzino, mbali yomwe imaoneka munthu akamaseka kapena kuyankhula. Kuchindikala kwake nthawi zambiri kumakhala pafupifupi theka la milimita, ngati chikhadabo cha munthu. Amasiyana ndi chisoti cha dzino, chomwe chimavindikira dzino lonse ndipo chimafuna kuti dzinolo lipalidwe kwambiri mbali zonse.

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa poselini, dothi lowotcha la mtundu wa galasi lofanana ndi lomwe amapangira makapu ndi mbale zoyera zosweka zija. Dokotala amapala dzino, kutenga chikombole chake kapena kulijambula ndi makina, kenako viniya amakaumbidwa ku labotale. Mwini mano amabweranso tsiku lina kudzamatitsa. Wachiwiri ndi wa kompoziti, phala la mtundu wa pulasitiki losakaniza ndi tizidutswa ta galasi, lomwenso amamatira mano obooka. Uyu dokotala amamuumba pa dzino pomwepo n'kumuumitsa ndi kuwala kwa buluu, ndipo ntchito yonse itha kutha tsiku limodzi.

Poselini ndi wokwera mtengo, sagwira msanga mtundu wa zakudya ndipo amakhala zaka zambiri, koma akasweka kwambiri amafunika kusintha yense. Kompoziti ndi wotsikirapo mtengo, savuta kukonza akabenthuka, koma amathimbirira ndi kuperepeseka msanga. Aliyense amene ali ndi maviniya ayenera kudziwa mtundu womwe adamuika, chifukwa kasamalidwe kake kamasiyana penapake.

Chiyambi chake

Luso limeneli lidayambira ku California m'dziko la America. Mu 1928 dokotala wa mano Charles Pincus adapanga tizikuto toti akatswiri a mafilimu a ku Hollywood azivala pojambulidwa. Tizikutoto sitinkakhalitsa pa dzino, popeza kudalibe njira yotimatira molimba. Mu 1955 Michael Buonocore adaonetsa kuti asidi wochepa akapakidwa pa enamelo, yemwe ndi chikuto choyera ndi cholimba cha kunja kwa dzino, amasiya timaenje tosaoneka ndi maso momwe guluu amalowa n'kugwira zolimba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri ena, kuphatikizapo John Calamia wa ku New York, adapeza kuti poselini nayenso angakonzedwe mwa njira yofananayo. Kuyambira pamenepo maviniya adasanduka chinthu chokhala m'kamwa zaka ndi zaka.

Mbiriyi ili ndi phunziro kwa wosamala mano. Mphamvu ya viniya ili pa guluu womulumikiza ndi enamelo. Chilichonse chodya enamelo kapena guluu wa m'mphepete chikufupikitsa moyo wa viniyayo.

Chomwe anthu amaikitsira maviniya

Ena amaikitsa chifukwa dzino lidabenthuka pa ngozi, ena chifukwa cha mipata yapakati pa mano, ena chifukwa mano adasintha mtundu kaamba ka mankhwala monga tetracycline omwe adamwa ali ana. Kuno ku Malawi palinso chifukwa china chodziwika bwino: mano ofiirira kapena amawangamawanga obwera ndi madzi okhala ndi mchere wa fluoride wochuluka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation limalangiza kuti madzi akumwa asapyole mamiligalamu 1.5 a mcherewu pa lita imodzi, koma mijigo ndi zitsime zina m'madera monga Nathenje ku Lilongwe, mbali zina za Machinga ndi chigwa cha Shire zidapezeka kuti zimapyola mlingowu.

Vutoli limayamba mano akamaumbika mkati mwa nsagwada, mwana asanakwane zaka pafupifupi 8. N'chifukwa chake munthu amene lero akugwira ntchito m'maofesi a mumsewu wa Victoria Avenue kapena akuchita malonda ku Limbe angakhale ndi mano ofiirira, ngakhale kuti adasiya kalekale kumwa madzi a pamjigo wa kumudzi kwawo. Mawangawo si litsiro ndipo sachoka ndi mswachi. Akakhala ochepa, dokotala angawachepetse popalako pang'ono kapena kuyeretsa mano ndi mankhwala; akakhala ozama m'pomwe maviniya amaganiziridwa.

Anthu ambiri otere amaopa mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride poganiza kuti awonjezera vutolo. Kwa munthu wamkulu mantha amenewa alibe maziko. Mano akamera, fluoride wa m'mankhwala otsukira sangawasinthenso mtundu; m'malo mwake amalimbitsa enamelo wotsala m'mphepete ndi kuseri kwa viniya.

Amakhala zaka zingati?

Madokotala ambiri amauza odwala awo kuti viniya wa poselini amakhala zaka 10 mpaka 15, ndipo wosamalidwa bwino amapyola pamenepa. Wa kompoziti amakhala pafupifupi zaka 5 mpaka 7 asanafune kukonzedwa kapena kusinthidwa.

Kafukufuku wina wochitikira ku Innsbruck m'dziko la Austria, yemwe adafalitsidwa mu 2012, adatsatira maviniya a poselini 318 kwa nthawi yaitali. Adapeza kuti mwa maviniya 100 alionse, pafupifupi 93 adali akadali bwino patatha zaka 10, ndipo pafupifupi 83 patatha zaka 20. Ambiri mwa omwe adalephera adachita kusweka. Anthu okukuta mano adali pachiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu poyerekeza ndi anzawo, ndipo osuta fodya maviniya awo ankathimbirira kwambiri m'mphepete. Apa zikuonekeratu kuti kusiyana pakati pa viniya wa zaka 5 ndi wa zaka 20 kumachokera kwambiri ku zochita za mwini wake.

Masiku oyamba

Pakati pa tsiku lopala mano ndi tsiku lomata maviniya a poselini, dokotala amatha kuika tizikuto tongoyembekezera. Timeneti timamatidwa mosalimba kuti tidzachoke mosavuta, choncho pa nthawiyi ndi bwino kudya zofewa monga phala, nsima ndi ndiwo zosalimba, mbatata yophika ndi nthochi, komanso kupewa chingamu ndi maswiti omata.

Maviniya enieni akamatidwa, mano amatha kunyerenyetsa kapena kuwawa pang'ono munthu akamwa chozizira kapena chotentha. Izi zimachepa pakatha masiku angapo kapena masabata ochepa. Nkhama nazo zimatha kutupa pang'ono, ndipo kuchukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira kamchere kumathandiza. Chofunika kuchitchera khutu ndi kalumidwe. Ngati dzino limodzi likugunda lisanafike linzake mukatseka pakamwa, bwererani kwa dokotala sabata yomweyo akalisalaze. Viniya wotsogola pa kuluma amasenza yekha katundu wa mano onse ndipo sachedwa kung'aluka.

Kutsuka mano

Mdani wamkulu wa viniya ndi litsiro lonanda lomwe limaunjikana pomwe dzino lakumana ndi nkhama. M'litsiroli mumakhala mabakiteriya omwe amadya shuga n'kutulutsa asidi. Asidiyo sangaboole poselini, koma amaboola dzino m'mphepete mwa viniya n'kulowa kunsi kwake. Kunja kumaonekabe koyera pomwe mkati mukuwola. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, kwa mphindi ziwiri nthawi iliyonse, ndipo ulendo umodzi ukhale usiku musanagone. Usiku malovu amachepa m'kamwa, kotero zotsalira za chakudya zimaononga kwambiri pa nthawiyi. Gwiritsani ntchito mswachi wofewa. Upendeketseni kuti nsonga zake ziloze kunkhama, ndipo muziuyendetsa mozungulira pang'onopang'ono, osati kukwecha uku ndi uku ngati mukukwecha poto. Kukwecha mwamphamvu kumabweza nkhama m'mbuyo, ndipo zikabwerera mzere wa pomwe viniya wathera umayamba kuoneka. Nkhama zobwerera sizimeranso zokha. Mswachi usinthidwe pakatha miyezi itatu, kapena msanga ngati wayamba kunyankhalala.

Mankhwala otsukira akhale a fluoride. Pa chubu pamalembedwa mlingo wake, ndipo woyenera munthu wamkulu ndi wapakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Mukamaliza, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Pewani mankhwala okhakhala omwe amalonjeza kuyeretsa mano msanga kapena kuchotsa madontho a fodya. Pewaninso makala, kaya osinja pakhomo kaya oikidwa m'chubu chogula m'sitolo, phulusa, mchenga ndi mchere wokhakhala. Zonsezi zimakanda kusalala kwa viniya, makamaka wa kompoziti, ndipo malo okandika amagwira litsiro ndi mtundu kuposa kale. Njira yosakaniza mandimu ndi soda yomwe imafala pa Facebook ndi TikTok imadya enamelo ndi guluu womwe.

Mswachi wa mtengo wathandiza anthu mibadwo yambiri, koma ulusi wake ndi wolimba ndipo n'kovuta kuuwongolera m'mphepete mwa viniya. Kwa amene waika ndalama zake pa maviniya, mswachi wofewa wa m'sitolo ndiwo woyenera.

Mswachi sufika pakati pa mano, pomwe kuwola kumakonda kuyambira. Pamenepa pamafunika ulusi wotsukira mano, womwe umagulitsidwa m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu, kamodzi pa tsiku. Ulowetseni modekha, muukulunge m'mbali mwa dzino, kenako muuyendetse chokwera ndi chotsika. Ena amaopa kuti ulusi uzula viniya. Viniya womatidwa bwino sazuka ndi ulusi. Ngati ulusiwo ukukodwa kapena kuduka pamalo amodzi nthawi zonse, ndiye kuti pamenepo pali chilema choti dokotala achione. Kutokosa mano ndi chitsotso cha machesi, singano kapena pini kumabaya nkhama ndipo kungabenthule m'mphepete mwa viniya.

Mankhwala ochukuchira m'kamwa sakakamizidwa. Wowafuna asankhe opanda mowa, monga momwe madokotala ambiri amalangizira. Okhala ndi chlorhexidine, omwe amaperekedwa nkhama zikadwala, amadetsa mano akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, choncho asapyole masiku omwe dokotala wanena.

Zakudya zolimba

Poselini ali ngati tailosi ya pansi m'nyumba. Ikamatidwa bwino imapirira kupondedwa, koma ikamenyedwa pakona kapena kukanulidwa imathetheka. Viniya naye amapirira kutafuna kwa masiku onse, koma sapirira kukanula, kupotokola kapena kugunda mwadzidzidzi.

Pa zakudya zathu, nzimbe ndizo zili patsogolo. Kusenda nzimbe ndi mano akutsogolo kumakoka viniya kumuchotsa pa dzino. Sendani ndi mpeni, duladulani tizidutswa, n'kutafunira mano akumbuyo. Chimanga chootcha chomwe chimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya ku Limbe, Ndirande ndi Chirimba madzulo chiyambe chakonoledwa ndi zala. Chimanga chokazinga, mtedza wouma kwambiri, chinangwa chachiwisi, mango osapsa ndi karoti wosaphika zidulidwe kapena zipite molunjika ku mano akumbuyo. Kuphwanya mafupa a nkhuku kapena kukukuta nyama ya kanyenya pa fupa ndi mano akutsogolo n'kuika maviniya pachiswe. Chimodzimodzinso kutafuna ayezi, maswiti olimba ndi nthanga za malambe, bwemba kapena masau. Mpunga ndi nyemba za pamsika zisankhidwe bwino, pakuti kamwala kamodzi n'kokwanira kuswa ntchito ya ndalama zambiri.

Zakudya zimenezi sizikuletsedwa. Chosintha ndi kadyedwe kake: mpeni ndi zala zigwire ntchito yomwe kale inkagwiridwa ndi mano akutsogolo.

Zotsekemera ndi zowawasa

Enamelo amayamba kusungunuka asidi wa m'kamwa akatsika kupyola 5.5 pa muyeso wa pH, pomwe zakumwa zoziziritsa kukhosi za mtundu wa kola zili pafupifupi pa 2.5. Zakumwa zopatsa mphamvu, majuwisi a m'mabotolo, madzi a mandimu, bwemba ndi malambe nazo zili ndi asidi wambiri. Chomwe chimaononga kwambiri si kuchuluka kwa shuga kapena asidi pa nthawi imodzi ayi, koma kubwerezabwereza. Botolo limodzi lomwedwa pa nkhomaliro silipweteka mano ngati botolo lomwelo lomwedwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa desiki. N'chimodzimodzi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga womwedwa kanayi pa tsiku.

Mukadya kapena kumwa chowawasa, chukuchani ndi madzi, ndipo dikirani mphindi zosachepera 30 musanatsuke ndi mswachi. Asidi amafewetsa enamelo kwa kanthawi, ndipo kumukwecha ali wofewa n'kumuperepesa.

Zodetsa mano

Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, khofi, vinyo wofiira, kale ndi zakumwa zamitundu zimasiya mtundu m'kamwa. Poselini wosalala sagwira mtunduwu kwenikweni, koma guluu wa m'mphepete amagwira, ndipo pakapita zaka pamaoneka kamzere kofiirira kozungulira viniya. Kompoziti amathimbirira yense. Kumwa madzi pambuyo pa tiyi kapena khofi kumachepetsa vutoli. Fodya ndiye woipitsitsa, pakuti kuwonjezera pa kudetsa amadwalitsa nkhama komanso amabisa zizindikiro zake, popeza nkhama za wosuta sizitulutsa magazi msanga ngakhale zikudwala.

Dziwaninso kuti mankhwala oyeretsa mano sasintha mtundu wa viniya. Amayeretsa mano achilengedwe okha. Amene akufuna mano oyera kwambiri ayeretse asanaikitse maviniya, kuti dokotala asankhe mtundu wofanana ndi mano oyeretsedwawo. Akayeretsa pambuyo pake, mano ena amayera kusiya maviniya ali momwe adalili, ndipo m'kamwa mumakhala mitundu iwiri.

Mano si chida

Maviniya ambiri amasweka pa zinthu zosakhudzana ndi kudya. Kutsekula botolo ndi mano, kung'amba pepala la pulasitiki, kudula ulusi monga amachitira atelala, kugwira mapini ndi mano poluka tsitsi, kusenda waya wa magetsi, kuluma zikhadabo ndi kutafuna cholembera pa msonkhano ndi zizolowezi zomwe munthu amachita osaganiza. Dzino lachilengedwe limatha kupirira kwa zaka lisanabenthuke. Viniya angathe tsiku limodzi. Kachotsekulira botolo ka pa makiyi ndi kalumo m'chikwama n'zotsika mtengo kwambiri kuposa viniya mmodzi.

Kukukuta mano

Anthu ambiri amakukuta kapena kukanikiza mano ali m'tulo osadziwa. Zizindikiro zake ndi kudzuka nsagwada zili zolema, mutu kuwawa m'mbali m'mawa, ndi mano ooneka ngati asalazidwa ndi tupa. Kawirikawiri woyamba kuzindikira ndi amene mumagona naye chipinda chimodzi, chifukwa amamva phokosolo. Nkhawa, mowa, fodya ndi khofi wa usiku zimawonjezera vutoli.

Wokukuta mano auze dokotala asanaikitse maviniya. Thandizo lake ndi kachotetezera ka pulasitiki kovala usiku, komwe dokotala amapanga potengera chikombole cha mano a munthuyo. Kavalidwe usiku uliwonse, katsukidwe ndi madzi ozizira m'mawa, ndipo kasungidwe m'kabokosi kake. Madzi otentha amakapinda.

Masewero ndi ngozi za pamsewu

Osewera mpira wamiyendo, wamanja, nkhonya ndi masewero ena ogundana avale chotetezera mano cha masewero, chomwe n'chosiyana ndi cha usiku. Pamsewu, okwera njinga zamoto za kabaza, zomwe zachuluka m'matauni a Blantyre, akumbukire kuti munthu akagwa chafufumimba mano akutsogolo ndiwo amayamba kugunda pansi. Chipewa chodzitetezera chophimba ndi chibwano chomwe chimateteza mutu ndi mano. M'galimoto, lamba amaletsa nkhope kumenya chiwongolero kapena mpando wakutsogolo.

Matenda ena a m'thupi

Matenda a shuga osasamalidwa amafooketsa nkhama. Mankhwala ena, monga ena a kuthamanga kwa magazi ndi a matenda a nkhawa, amaumitsa m'kamwa, ndipo malovu akachepa mano amawola msanga. Wotere azimwa madzi pafupipafupi ndipo auze dokotala wa mano mankhwala onse omwe akumwa, koma asasiye kumwa mankhwalawo payekha. Chilungulira chobwerabwera ndi kusanza kawirikawiri zimabweretsa asidi wa m'mimba yemwe amadya mano chakuseri, komwe viniya safika. Amayi oyembekezera nkhama zawo zimatupa ndi kutuluka magazi mosavuta. Imeneyi ndi nthawi yowonjezera ukhondo, osati yosiya kutsuka.

Kuonana ndi dokotala

Pitani kwa dokotala wa mano miyezi 6 iliyonse, kapena monga momwe iye wakuuzirani, ngakhale palibe chikuwawa. Amaona m'mphepete mwa viniya aliyense, kuyesa kalumidwe, kuchotsa litsiro louma lomwe mswachi sungathe, ndipo nthawi zina kujambula ekisire kuti aone pakati pa mano. Maviniya a kompoziti amawapukutanso kuti ayambirenso kuwala.

Mukapita kwa dokotala wachilendo, nenani msanga kuti muli ndi maviniya ndi mano omwe ali nawo, pakuti opangidwa mwaluso savuta kuwasokoneza ndi mano enieni. Makina ochotsera litsiro ndi mankhwala ena opukutira amafuna kusamala akafika m'mphepete mwa poselini. Sungani pepala lolembedwa tsiku lomwe adaikidwa, mtundu wa zipangizo ndi nambala ya mtundu wa kuyera kwake. Viniya mmodzi akadzasweka, pepalali lidzathandiza kupanga wina wofanana ndi anzake.

Musadikire tsiku lomwe mudapangana ngati nkhama zikutuluka magazi kapena kutupa, ngati pali kamzere kakuda m'mphepete, fungo losatha pa dzino limodzi, ululu poluma, mng'alu, kapena viniya akugwedera. Kubenthuka kochepa kumasalazidwa kapena kumatidwa ndi kompoziti. Kuwola kukapezeka msanga kumamatidwa viniya ali pomwepo. Kukafika ku mtsempha wa dzino pamafunika chithandizo chachikulu, ndipo nthawi zina dzinolo limazulidwa.

Viniya akagwa

Mutoleni mosamala, mutsukeni ndi madzi, ndipo muikeni m'kabotolo kapena kabokosi kolimba. Kumukulunga m'kapepala kofewa n'kumutaya, pakuti wina adzayesa zinyalala. Ngati sadasweke, dokotala angathe kumumatanso. Musayerekeze kumumata ndi guluu wa m'sitolo womatira nsapato kapena mbale. Guluu ameneyu amapsereza nkhama, amatsekera mabakiteriya mkati, ndiponso amaononga viniya moti sangagwiritsidwenso ntchito. Dzino lovundukukalo limamva kuzizira ndi kutentha, choncho pewani zoterezi, pitirizani kulitsuka modekha, ndipo onanani ndi dokotala m'masiku ochepa. Wameza viniya asade nkhawa kwambiri chifukwa nthawi zambiri amatuluka yekha, koma ngati akutsokomola kapena kubanika athamangire kuchipatala.

Thandizo mumzinda wa Blantyre

Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitcha Gulupu, chili ndi nthambi ya mano, koma zipatala za boma zimaika patsogolo kuthetsa ululu, kuchiza matenda ndi kuthandiza ovulala. Ntchito yokongoletsa mano imapezeka kwambiri m'zipatala zolipira. Amene ali pa inshulansi ya zaumoyo afunse kaye ngati imalipira maviniya ndi kukonzanso kwake, pakuti mabungwe ambiri otere salipira chithandizo chomwe amachiona ngati chongokongoletsa.

Kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano, moti ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja, ndipo madokotalawo adali osakwana 50 m'dziko lonse. Mu 2019 sukulu ya College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idayamba maphunzirowa mogwirizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent, ndi thandizo la boma la Scotland. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Ngakhale zinthu zikusintha, madokotala akadali ochepa, ndipo zipangizo zambiri za ntchitoyi zimachokera kunja. Viniya wosweka sangasinthidwe tsiku lomwelo ngati tayala la galimoto.

Lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la mu 1987 limafuna kuti aliyense wogwira ntchito ya udokotala wa mano akhale m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa chiphaso. Safunsa adadya phula. Mu 2024 bungwe la madokotala a mano ku America, American Dental Association, lidachenjeza anthu za amalonda opanda maphunziro a udokotala omwe amatsatsa maviniya otchipa pa intaneti. Munthu wotere sadziwa kuyeza ngati dzino lawola kapena nkhama zikudwala, ndipo kumata chikuto pa dzino lodwala n'kutsekera moto m'nyumba.

Amene akuganiza zokaikitsa ku Johannesburg, India kapena Turkey afunsitse ngati chomwe akukaikidwa ndi viniya kapena chisoti, chifukwa ena amazindikira mochedwa kuti mano awo apalidwa mbali zonse. Alingalirenso za yemwe adzawathandize ku Blantyre chinthu chikadzavuta, ndipo abwere ndi mapepala onse a chithandizocho.

Kukonzekera mtsogolo

Ngakhale wosamalidwa bwino kwambiri, viniya amafika potha. Munthu woikitsa ali ndi zaka 30 ayembekezere kudzasintha kawiri kapena katatu pa moyo wake, ndipo nthawi iliyonse dzino limatha kutayako kena. Ndi nzeru kuikira padera ndalama za ntchitoyi, monga momwe mwini nyumba amakonzekerera kudzasintha malata. Chomwe chili m'manja mwa mwini mano ndi kutalikitsa nthawi yapakati pa kusintha kumodzi ndi kwina: mswachi wofewa kawiri pa tsiku, ulusi kamodzi pa tsiku, mpeni pa nzimbe, chotetezera usiku kwa wokukuta mano, ndi ulendo wa kwa dokotala miyezi 6 iliyonse.